Dzina Langa Lili M'buku Lina

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano, nanga bondo lija likuvutabe potsika pakhonde? Mlongo wanga analemba kuti ndodo mumaigwira m'mawa mokha, dzuwa likakwera mumaiiwala pakhomo. Ngati zili choncho ndiye kuti Mulungu akutigwirabe dzanja. Kuno tonse atatu tili moyo. Mpongozi wanu ali bwino, ndipo mdzukulu wanu wamera mano awiri a m'munsi. Chifuwa chija chinatha. Ndimaikabe khutu pamsana pake akamapuma, poti mtima wanga mukuudziwa, koma mulibe chikulira m'katimo.

Anthu a pano anamupatsa dzina loti Belu, chifukwa amayamba kulira belu la Misa ya m'mawa lisanalire. Akhukhi, bambo amene amaphikira ansembe, amati mwana ameneyu atalembedwa ntchito woliza belu uja akhoza kupita kwawo kukapuma.

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri lapitali. Nditawerenga kuti akatekisiti anatsegula buku la ubatizo la kutchalitchi kwathu tsamba ndi tsamba koma dzina langa mulibe, ndinabwereza kuwerenga mzerewo katatu. Mwafunsanso ngati ntchito yatha, ndiponso kuti bwanji osangokalankhula ndi bambo aja anandilemba ntchito. Ndaona kuti kalata yoyamba ndinailemba mothamanga, sindinalongosole bwino. Lero ndakhala pansi mu shedi ya matabwa, ndifotokoza pang'onopang'ono. Mlongo wanga, powawerengera Amayi usathamange, ndipo ukafika pa pempho langa uwerenge kawiri.

Ntchito sinathe ayi. Ndikadali mmisiri wa pa nyumba ya ansembe. Zitseko, maloko, mabenchi a m'tchalitchi, denga likadontha, mpope ukaphulika, zonsezo ndi zanga. Chimene chavuta ndi chipinda chomwe tikugonamo. Chili kuseri kwa khitchini, m'kati mwa mpanda. Pansi ndi pa simenti, zenera ndi lagalasi, madzi ali pakhomo penipeni, ndipo khoma lake ndi louma ngakhale mvula igwe sabata yonse. Mukukumbukira komwe tinkachita lendi kumunsi kwa msika, khoma lotuluka thukuta ndi ngalande yodutsa pakhomo. Ndiko mwanayu anatengera chifuwa chomwe chinatigoneka masiku asanu kuchipatala. Ndinapitanso kumunsi kwa msika kuja sabata yatha kukangoona, ndipo zipinda zomwe ndingakwanitse ndi zomwezo, ngalande ndi yomweyo. Ine sindifuna zambiri, Amayi. Ndikufuna mwana azigona pouma.

Bambo amene anandilemba ntchito kulibenso kuno. Ansembe sakhala malo amodzi ngati ife. Kumabwera kalata yochokera kwa Ambuye Episkopi, amene ndiwo mkulu wa ansembe onse a chigawo chino, ndipo kalatayo ikati pita uko, munthu amapita basi. Anapatsidwa masabata awiri okha. Katundu ndinawanyamulira ndine: masutikesi awiri, katoni ya mabuku ndi wailesi. Zaka zisanu ndi ziwiri pa nyumba ino, koma zonse zinakwana kumbuyo kwa galimoto malo n'kutsalako. Ndinawafunsa za bedi ndi kabati yomwe ndinawakhomera ndi manja angawa. Anaseka, ati zimenezo ndi za nyumba, wobwerayo agonapo. Mawu aja oti mlendo ndi mame ndinawaona ndi maso tsiku limenelo.

Amene analowa m'malo mwawo ndiwo tsopano Bambo Mfumu, ndiye kuti wansembe woyang'anira parishi yonse. Si munthu woipa, koma ndi wa kope ndi cholembera. Sabata yoyamba anazungulira paliponse, mpaka kukasuzumira mu thanki ya madzi. Kenako anakumbutsa lamulo lakale la nyumba ino, loti wantchito wogona m'kati mwa mpanda ndi banja lake, ukwati wake ukhale wodalitsidwa m'tchalitchi. Ife mukudziwa kuti makolo munagwirizana, tinatengana, koma kutchalitchi tinkangoti chaka chamawa. Bambo akale ankandikumbutsa mwa nthabwala, ine n'kumaseka nawo. Atsopanowa anatipatsa miyezi itatu, ndipo umodzi wapita kale.

Ukwati salemba popanda khadi la ubatizo la aliyense wa ife. Mpongozi wanu lake ali nalo, analisunga m'kati mwa buku la nyimbo. Langa ndi lija linadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi mapepala a malemu Bambo. Pa miyezi iwiri yatsalayi muchotsepo masabata atatu olengeza ukwatiwo m'tchalitchi. Ndiye kuti pepala langa liyenera kufika kuno pasanathe masabata asanu. Ndawerenga pa kalendala ya kukhitchini kangapo konse, sizikusintha.

Tsono ndikuuzeni uchitsiru womwe ndinachita, museke nawo akhukhi. Nyumba ya ansembe ili ndi njira yaitali m'kati, zitseko zisanu mbali imodzi. Aliyense ali ndi chipinda chimodzi basi: bedi, tebulo, kabati ndi mtanda pakhoma. Chimodzi mwa zisanuzo ndi cha alendo, ndimo amagona Ambuye Episkopi akabwera. Amadyera tebulo limodzi, amapempherera limodzi m'kachipinda kena kapadera. Chaka chonsechi ine onse ndinkangoti abambo, poti onse sakwatira ndipo onse amadya mbale zofanana. Za wamkulu ndani, wamng'ono ndani, ndinkayesa ndi makiyi. Pa ntchito zonse zomwe ndagwirapo, amene walendewetsa makiyi ambiri m'chiuno ndiye amakhala mwini mawu.

Pano wa makiyi ndi abulazala. Mulu wawo ndi waukulu ngati chibakera: a sitolo, a galaja, a geti, a ofesi, mpaka kiyi wa shedi yanga yomweyi. Ndinaganiza kuti Bambo Mfumu mphamvu zawo zimathera paguwa, koma nkhani ya zipinda ndi ya mwini makiyi. Ndinapita kukathira mafuta chitseko cha abulazalawo chomwe sichinkalira n'komwe, kenako ndinagwada n'kufotokoza vuto langa lonse, ndi kupempha kuti atisiye m'chipindamo. Anaseka mpaka makiyi kulira m'chiunomo. Ati iwo si wansembe n'komwe, sachita Misa, samva anthu akulapa, anangolumbira kutumikira Mulungu ndi manja. Ati bulu wonyamula matumba a shuga si mwini shuga. Anandidzutsa, n'kundipukuta fumbi pabondo, ati ukagwadire oyenera.

Ine osaphunzirapo kanthu, ndinapita kwa adikoni. Ndi achinyamata, msinkhu wanga womwewu, koma akamalalika mawu amadzaza tchalitchi chonse. Nsalu ija ansembe amaikoleka m'khosi iwo amaivala chopingasa, kuchokera paphewa kufika m'chiuno, ndiye ine ndinkayesa ndi chizindikiro cha udindo woposa enawo, monga amachitira asilikali pa perete. Ndinamvanso kuti amaloledwa kubatiza. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini akutsuka nsapato. Ndinawanong'oneza kuti angondibatizanso mwakachetechete, madzi ali pompo pampope, khadi latsopano lituluke, nkhani ithe. Amayi, munthu anagwetsa bulashi. Ati achimwene, mukufuna andithamangitse ndisanadzozedwe? Ati iwo kwatsala chaka kuti akhale wansembe, ndipo ngakhale ukwati sangadalitse popanda chilolezo cha Bambo Mfumu. Ati ubatizo ndi kamodzi, ngakhale Ambuye Episkopi sangaubwereze.

Tsoka lake zenera la khitchini linali lotsegula. Akhukhi anatulutsa mutu, ati iwe kalipentala, ukuyesa ubatizo ndi penti, wakuti akasuluka upakanso kachiwiri? Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndine Bambo Penti. Ndikalowa kukatenga tiyi amati, wauma kapena tipakenso?

Koma ndiwo omwewo anandithandiza kumvetsa. Anatenga makapu n'kuwandandalika pa shelefu. Yaikulu pamwamba, ati awa ndi Ambuye Episkopi, a mphete ndi ndodo, ndiwo amadzoza ansembe ndi kuwasamutsa. Pansi pake ina, ati awa ndi Bambo Mfumu, pa parishi pano mawu omaliza ndi awo. Pansi pakenso kakang'ono, ati awa ndi adikoni ako aja, akadali panjira. Ina anaiika pambali payokha, ati awa ndi abulazala, sali pamwamba sali pansi, njira yawo ndi ina. Ndinafunsa kuti nanga ine ndi inu tili pati. Ati ife ndife shelefu, mwana wanga, tikathyoka zonse ziphwanyika koma palibe amatimwera tiyi. Panatsala kapu imodzi yakale yobenthuka mlomo. Ati iyi ndi Agogo a chipinda chakumapeto, anapuma kalekale, alibe udindo, usawavutitse.

Kalata yanu itafika Lachiwiri lija, ine mtima unagweratu. Ndinatola makatoni atatu ku sitolo n'kuyamba kulongedza mbale ndi zovala zosavalavala. Mpongozi wanu ankangondiyang'ana. Kenako inabuka nkhani ya msomali. Neti ya mwana tinaimangirira ndi chingwe ku chogwirira cha zenera, ndiye imagwera mbali imodzi mpaka kumukhudza kumaso, udzudzu n'kumamuluma kudzera pa neti pomwepo. Mwezi wathunthu wakhala akundipempha kuti ndikhome msomali umodzi pakhoma. Ine ndinkakana. Ndinkati khomali si lathu, tikutuluka posachedwa, ndipo bambo a kope aja adzawerenga mabowo. Tsiku limenelo anandiyankha. Ati mmisiri wokhoma mabenchi a anthu mazanamazana, misomali thumba lonse tho, koma mwana wake neti ikumugona pamphuno. Ati ngakhale titatsala ndi sabata imodzi, udzudzu sudziwa kalendala. Koma sindinakhomebe. Tinagona chofulatirana.

Lachinayi abulazala anandituma ku chipinda chakumapeto chija, ati zenera la Agogo latupa ndi mvula, silikutsekeka. Agogowa ndi wansembe wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Diso limodzi linachita khungu, Misa amachita atakhala pampando. Alibe kiyi ngakhale mmodzi. Loko wa chitseko chawo ndinachotsa ndine chaka chatha, iwo atapempha, kuti akadzagwa anthu asadzavutike kuthyola. Ndimawamvera chisoni nthawi zina, munthu wamkulu chonchija wopanda mwana kapena mdzukulu womutengera madzi. Koma iwo saoneka odandaula. Akamuona Belu amamuitana, iye n'kumawakoka magalasi, iwo n'kumati uyu yekha ndiye saopa ansembe pa nyumba ino.

Ndinayamba kupala zeneralo maganizo ali kwina. Ndinapala mpaka kupitirira muyeso. Agogo ali pampando anati, mwana wanga, ndinapempha kuti zenera lizitsekeka, osati mphaka azilowera m'mbali, chakudya mtima n'chiyani? Ndinakumbuka mawu a akhukhi oti ndisawavutitse, koma misozi inali pafupi, ndiye ndinangokhuthula zonse, mpaka za penti zomwe. Za pentizo anaseka mpaka kutsokomola.

Atatha kuseka anandifunsa mafunso atatu. Loyamba, chaka chomwe ndinabadwa. Lachiwiri, ngati nthawi imeneyo pa tchalitchi chathu panali nyumba ya ansembe. Ndinati ayi, nyumba ija inamangidwa ine ndili kale pasukulu, ndikukumbuka tinkatuta nawo njerwa. Lachitatu, anafunsa kuti anandithira madzi ndani. Ndinawauza zomwe inu munkandiuza ndili mwana: kuti ndinali wa miyezi iwiri, thupi lotentha ngati mbaula, mtsinje utadzaza moti kunalibe kuwoloka, ndipo akatekisiti akale aja anabwera kunyumba n'kundithira madzi a m'kapu poopa kuti sindifika Lamulungu.

Agogo anawomba m'manja kamodzi. Ati ndiye mukufuna mbuzi m'khola lomwe linamangidwa mbuziyo itakula kale. Ati tchalitchi chimayamba kusunga buku lakelake tsiku lomwe chakhala parishi, chikalandira wansembe wogona pomwepo. Zisanatero chimakhala nthambi chabe, ndipo mayina a anthu ake amalembedwa ku mishoni yaikulu komwe ansembe ankachokera.

Anandifotokozera mmene zinkakhalira kale. Ati iwo ali achinyamata, dera lomwe lero lili ndi maparishi khumi linali ndi ansembe atatu okha. Oyambirira anali ochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, a ndevu zawo, oyenda pansi, kenako pa njinga yopalasa. Agogowo anali m'gulu la ana a m'dziko muno oyamba kudzozedwa, ndipo anapatsidwa njinga yamoto yomwe ankaikankha kuposa kuikwera. Nthambi iliyonse ankaifikira kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, dzinja likavuta mpaka inayi. Masiku ena onsewo mpingo unali m'manja mwa akatekisiti. Ndiwo ankaphunzitsa, kutsogolera mapemphero, kuika maliro, ndi kubatiza amene ali pafupi kufa. Ati anthu amatamanda ansembe, koma amene ananyamula mpingo pamsana ndi azibambo aja a nsapato zong'ambika ndi kakope m'thumba.

Ndiye apa mumvetsetse, Amayi. Ati katekisiti akabatiza mwana wodwala ankalemba m'kakope kakeko. Wansembe akabwera, ngati mwanayo wachira, ankamalizitsa mapemphero ndi kumudzoza mafuta, kenako akabwerera ku mishoni ndiye ankalemba m'buku lalikulu. Choncho dzinalo silipezeka pa mwezi womwe mwana anathiridwa madzi. Limakhala patsogolo, pa mwezi womwe wansembe anafika, ndipo ena ankalemba ana oterewa pa masamba akumapeto kwa buku. Ati wansembe amasamuka, koma buku silisamuka, limatsala pomwe linalembedwera.

Ine ndi mantha angawa ndinafunsa kuti nanga bukulo likakhala kuti linadyedwa ndi chiswe, kapena linanyowa. Anandifunsa ngati mayi anga ali moyo. Nditati eya, anati ndiye ukulira chiyani, buku lako likuyenda ndi miyendo. Ati lamulo la mpingo limalola umboni wa munthu amene anaona ndi maso ake. Mayi akafotokoza pamaso pa wansembe, iye n'kulemba n'kudinda chidindo, pepalalo limagwira ntchito ngati khadi. Ndinafunsa ngati Bambo Mfumu angavomere zimenezo. Ati ameneyo undisiyire ine, ndinamuphunzitsa ku seminale, sukulu ya ansembe, ankawodzera m'kalasi mwanga ndipo akudziwa kuti ndikukumbuka.

Zomwe zinakambidwa pa tebulo mawa lake ndinazimva kwa akhukhi, amene makutu awo amafika paliponse pomwe pafika mbale. Ati Agogo anangofunsa mwaulemu, ngati munthu wosadziwa, kuti kodi Bambo Mfumu, inu munabatizidwira pa parishi kapena pa nthambi? Ati Bambo Mfumu anaika supuni pansi, kenako n'kuseka okha, poti nawonso anabatizidwira pa nthambi. Akhukhi pondiuza anatenga kapu yobenthuka ija n'kuiika pamwamba pa zinzake zonse, ati pa shelefu ndinalakwitsa ndine, usakauze munthu.

Loweruka Bambo Mfumu anandiitanira ku ofesi. Ndinagogoda n'kulowa. Anati akanadziwa kuti kwathu inali nthambi akanandiuza tsiku loyamba lomwe, ndipo anandidzudzula kuti bwanji ndinazungulira nyumba yonse, kwa abulazala, kwa adikoni, osagogoda pa chitseko chawo. Ndinati ndinkaopa. Ati safunsa anadya phula. Ati iwo sakufuna kuthamangitsa mwana, akufuna kudalitsa ukwati. Masiku sanawonjezere ngakhale limodzi, ati lamulo likapindika kwa mmodzi lathyoka kwa onse. Koma analemba okha kalata yopita kwa wansembe wa ku mishoni yaikulu, n'kudinda chidindo. Ndi imene ili mu envulopu yaing'ono m'kati mwa kalata inoyi. Musaitsegule, ndipo musaisunge pomwe pafika chiswe.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ndikupempha kuti mupite ku mishoni yaikulu ija ya kutsidya kwa mtsinje, komwe kuli chipatala cha asisitere. Musapite Lamulungu, ansembe amakhala ali ku nthambi. Musapitenso Lolemba, ndi tsiku lawo lopuma, mukapeza ofesi yotseka. Mupite Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, Misa ikangotha. Mukafika mufunse Bambo Mfumu a kumeneko kapena mlembi wa mu ofesi. Mukaona munthu wa makiyi ambiri m'chiuno mumupatse moni, koma musamugwadire, ine ndinagwada kale m'malo mwa banja lonse.

Mukapereke envulopuyo. Muwauze chaka chomwe ndinabadwa ndi mwezi wa dzinja womwe ndinathiridwa madzi. Ayang'ane mwezi umenewo ndi miyezi inayi yotsatira, akalephera atsegule masamba akumapeto. Asafune dzina lomwe mumandiitana pakhomo, afune lija la woyera lomwe akatekisiti anandipatsa, limene palibe amanditchula nalo. Mbali mwake mukhala dzina lanu ndi la malemu Bambo, mwinanso la azakhali amene anandiimirira pa ubatizowo. Mlongo wanga apite nanu, maso ake ndi akuthwa, ndipo asachite manyazi kupempha kuti ayang'ane nawo.

Likapanda kupezeka musabwerere chimanjamanja. Mukhale pansi muwauze zomwe munaona: nyumba yake, kapu yake, amene analipo, mawu omwe akatekisiti ananena pothira madzi, ndi tsiku lomwe wansembe anabwera pa njinga n'kundidzoza. Azakhali akatha kuyenda apite nawo, pakamwa pawiri pamalemera. Wansembeyo alembe, adinde chidindo. Pepala lopanda chidindo kuno salandira. Mlongo wanga alijambule kaye pa foni n'kunditumizira, kenako lenilenilo alikulunge m'pulasitiki, alitumize pa positi yolembetsa. Asapatsire munthu wapaulendo, anthu amaiwala m'matumba a majekete.

Ndalankhula ndi alamu, avomera kukunyamulani pa njinga yamoto. Ndawauza kuti asathamange, ndipo pa mlatho wamatabwa uja mutsike, muwoloke pansi iwo atakugwirani mkono. Bondolo mulimange ndi nsalu musananyamuke. Mvula ikagwa dzulo lake mudikire tsiku limodzi, koma musadikire sabata.

Zikundipweteka kukuyendetsani ulendo wotere ndi mwendo wovutawo, pa chinthu chomwe ndikanakonza ndekha zaka ziwiri zapitazo ndikanamvera. Kale nkhani ya kapu ya madzi ija ndinkangoimva ngati nthano. Ndinaimvetsa tsiku lomwe ndinakhala pa benchi la chipatala, Belu akupuma mobanika m'manja mwanga. Munandinyamula tsiku lija pamene aliyense ankati mwanayu wapita. Ndikupempha mundinyamulenso kamodzi kokha aka, kuti nanenso ndinyamule wanga.

Ukwatiwo ukatheka sukhala wa phokoso. Misa ya m'mawa, mboni ziwiri, basi. Adikoni apempha kale kuti adzalalike, ati adzanena za penti wosasuluka, ndawachonderera kuti asayerekeze. Bondo likalola tidzafuna mudzabwere. Chipinda ndi chimodzi, koma ine ndikhoza kugona mu shedi, matabwa ndinawazolowera.

Mundiperekere moni kwa mlongo wanga amene akuwerengayu, ndi alamu, ndi ana awo onse atatu. Moni kwa azakhali, muwauze kuti mwana anamuimirira uja tsopano ali ndi ndevu koma akuwafunabe. Moni kwa amalume ndi akumpanda kwawo. Mng'ono wanga mumuuze kuti khadi lake la ubatizo alifufuze lero lomwe, aliike m'botolo lotseka, asadzaone zomwe ndaona ine. Akatekisiti muwathokoze kwambiri chifukwa chotsegula buku lonse lija. Muwauze kuti sanalakwitse kuwerenga, dzinalo lili m'buku lina. Mpongozi wanu akupereka moni wogwada, ndipo Belu wagwira pepalali ndi dzanja la phala, banga lili pakonapo ndi moni wake.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Tsiku lija ndikutuluka kwa Agogo, nditamata kale mpata wa zenera ndi kathabwa, anandiuza kuti ndiyang'ane kuseri kwa chitseko. Panali msomali umodzi wopindika, pakoleka jekete lawo lakuda. Ati agonapo m'nyumba khumi ndi imodzi chidzozedwere, ina zaka khumi, ina miyezi inayi yokha, ndipo panalibe yawo ngakhale imodzi. Koma paliponse tsiku loyamba ankabwereka hamala n'kukhoma msomali. Ndinafunsa kuti nanga bowolo posamuka. Ati wobwerayo amakolekapo lake. Ati ukadikira nyumba yakoyako kuti ukhome msomali, jekete lidzagona pansi moyo wako wonse.

Dzulo ndakhoma, Amayi. Wa mainchesi atatu, pamwamba penipeni pa pogona mwana, ndipo ndinayeza kawiri ndisanamenye. Neti yaima bwinobwino ngati kanyumba, sikumukhudzanso. Mpongozi wanu anangondithirira shuga wambiri mu tiyi. Makatoni awiri ndabweza ku sitolo. Imodzi ndaisiya pansi pa bedi, poti mwana wanu mukumudziwa. Imeneyo ndidzabweza tsiku lomwe pepala lanu lidzafike.

Mulungu akusungeni, ndipo akuwongolereni bondo pa ulendowo.

Ndine mwana wanu wamantha uja,
Bambo ake a Belu